Manja M'thumba

Lolemba, 5 Meyi

Tsiku loyamba la maphunziro. Holo ya bungwe lija limatumiza achinyamata kwa ife amisiri kuti aphunzire ntchito. Mipando ya pulasitiki. Ine kalipentala wa zaka makumi atatu pa ntchito, kukhalira pulasitiki! Tebulo la aphunzitsi nalo gwedegwede, kunsi kwa mwendo apinda katoni. Maso anga tsiku lonse pamwendopo.

Tilipo khumi ndi anayi. Atelala atatu, owotcherera zitsulo awiri, mayi wa saluni, makaniko, wophunzitsa mpira wa atsikana, enawo sindinawagwire bwino. Aphunzitsi athu msinkhu wa mzime wanga. Nsapato zofiira. Ukawafunsa kanthu akubwezera: "Inuyo mukuonapo bwanji?" Pofika masana wowotcherera wina, amene tikumutcha Magalasi, wawapatsa kale dzina: a Mukuonapo.

Sindinabwere mofuna. A bungwe ananena mosabisa: satumizanso mwana ku shedi kwanga ndisanachite maphunzirowa. Pa ana asanu ndi awiri amene anandipatsa, omaliza awiri okha. Wotsiriza, mtsikana uja ndimamutcha Manzere, anachoka mwezi watha. Ovolo kupinda bwinobwino, kuika pa benchi, osatsanzika.

Aphunzitsi atifunsa chimene ana amathawira. Ine: ulesi ndi mafoni. Ambiri avomera. A Mukuonapo alemba pabolodi osatsutsa.

Tiyi wa teni koloko wabwino. Shuga wodzithirira wekha.

Lachiwiri, 6 Meyi

Shedi yotseka tsiku lachiwiri. Mwini chitseko chimene ndikupanga waimba foni kawiri.

Lero za kumvetsera. Awiriawiri: mnzako alankhule mphindi zitatu, iwe pakamwa tseke. Ndimati n'zamasewera. Magalasi wayamba kufotokoza za mwana wake amene walephera mayeso, akungodzitsekera kuchipinda. Mphindi imodzi isanathe, ine ndili kale pakati: mumulande foni, mumudzutse m'mamawa, mumutenge ku ntchito. A Mukuonapo kugogoda kapu ndi supuni. "Mwagwa, abambo." Holo yonse kuseka. Magalasi akuti zimene amafuna kunena sanafikepo n'komwe.

Ulendo wachiwiri ndaluma lilime. Mphindi zitatu n'zazitali, munthu ungapale thabwa lonse. Kumapeto kwenikweni ndi kumene wanena: mwanayo anamuuza mayi ake kuti amaopa nkhope ya bambo ake. Magalasi kuvula magalasiwo, kupukuta, kuvalanso. Ndikanamudula sindikanamva.

Ndafotokozera mayi akunyumba. Iwo: "Zaka zonsezi ndakhala ndikukuuzani zomwezo, mpaka mukamvere kwa mwana wa nsapato zofiira?"

Lachitatu, 7 Meyi

Manyazi a chaka chonse, lero.

Akuti aliyense aphunzire ntchito ya mnzake imene sanayigwirepo. Maere. Magalasi kwa telala, kulowetsa ulusi m'makina. Ine kwa mayi wa saluni. Kuluka tsitsi! Pamutu wa chidole womangirira kumpando, anthu onse atazungulira.

Mayiwo aonetsa kamodzi, zala ngati zikuthamangitsidwa. "Mwaona? Chitani." Sindinaone kanthu. Kugwira timagawo titatu ta tsitsi, kamodzi kuthawa. Kugwiranso, kuthawa kena. "Iii abambo, manja ngati mafosholo! Tabweretsani kuno." Tsomphu! Kanthawi kochepa mzere watha, wokongola. Anthu kuseka. Ine chiimire, manja lende, makutu akutentha. Mtima unali pa njinga yanga panja: kukwera, kupita, osabweranso.

Kenako zaululika. A Mukuonapo anawauziratu mayiwo kuti atero. Apepesa, andigwira pamkono, akuti ku saluni kwawo satero. Magalasi akuti amatero ndithu, zinawatulukira mosavuta kwambiri.

Ulendo wachiwiri pang'onopang'ono. Aonetsa, afotokoza, tichitira limodzi, kenako ine ndekha, iwo manja kumbuyo. Mzere wanga wokhota ngati njira ya woledzera. Koma wafika kumapeto. Wanga.

Funso: "Atakulandani muja, mumtima munamva bwanji?" Ndati palibe. Bodza.

"Tabweretsa kuno." Mawu anga enieni. Ku shedi ndimawanena kangati patsiku?

Lachinayi, 8 Meyi

M'mawa za chitetezo. Magalasi a m'maso, chotseka pamphuno, bokosi la mankhwala a mabala. Langa muli bandeji imodzi ndi lumo wadzimbiri. Wophunzira si wantchito wa pakhomo, osamutuma kukatenga ana kusukulu. Apa atelala onse maso pansi. Mwana akakuuza vuto lalikulu la kwawo, usalisenze wekha ndipo usalifalitse. Atipatsa nambala ya mlangizi wa bungwe. Ndailemba kuseri kwa kope la miyesoli.

Masana lamulo limene landikhala pamtima: wophunzira akagwira chida, mmisiri manja m'thumba. Utulutse pokhapokha pakhale ngozi. Thabwa likaonongeka, ndiye mtengo wa sukulu.

Ndatsutsa. Ndati a Mukuonapo sanagulepo thabwa. Avomera kuti sanagulepo. Kenako andifunsa za Manzere, dzinalo linabwera bwanji. Ndafotokoza: amagwira sowo ndi dzanja lamanzere, ukamamuona thupi limachita nyesi, ngati adzidula chala nthawi iliyonse. Ndiye ndinkamulanda, kapena kumuuza asinthe dzanja.

"Akadula ndi lamanzerelo, ankakhotetsa?"

Ndaganiza. Ndaganizanso. Sankakhotetsa. Ankatsata mzere wa pensulo kuposa anyamata onse amene anadutsa pa benchi yanga. Ankakhotetsa ndikamukakamiza lamanja.

 

Lachisanu, 9 Meyi

Sabata yatha. Chithunzi cha gulu pamasitepe, ine kumbuyo chifukwa cha kutalika. Ndimayembekezera satifiketi lero. Ayi. Akuti pakatha masabata asanu ndi limodzi a Mukuonapo ayendera aliyense pamalo ake antchito, kudzaona akuphunzitsa. Satifiketi pambuyo pake.

Ine wophunzira ndilibe. Satifiketi ikudikira mwana, mwana akudikira satifiketi. Ndawauza. Iwo kumwetulira. Ndawatsogolera: "Musandifunse, ndikudziwa chimene ndikuonapo."

Ndisanachoke ndatembenuza tebulo lawo lija, kumanga zomangira ziwiri. Katoni ndataya. Tsopano mtima m'malo.

Lamulungu, 11 Meyi

Mdzukulu wabwera ndi mayi ake. Zaka zisanu, tsitsi lambiri. Ndamukhazika pakampando pakhonde, kumuluka mizere itatu. Sanalire. Wapita pagalasi, wabwerako: "Agogo, mutu wanga wapendama." Mayi akunyumba kuseka mpaka kukhala pansi. Mwana wanga wajambula, akuti atumizira abale onse. Wamasula yekha madzulo, koma mzere wapakati mdzukulu wakana, akuti ndi wa agogo.

Tsiku labwino.

Lachitatu, 14 Meyi

Chitseko chija chapita, mwini wake wakondwa.

Manzere akugulitsa m'sitolo ya azakhali ake, ya mabeseni ndi mbale, msewu wa kuseri kwa depoti. Ndadutsapo pa njinga. Kubwerera, kudutsanso. Ndamuona akusanja mabigiri pakhomo, aakulu pansi, aang'ono pamwamba, mzere woongoka. Sindinaime. Ndakagula misomali imene ndili nayo kale.

Munthu wa imvi kuopa mwana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Loweruka, 17 Meyi

Ndalowa.

Azakhali ake andipatsa mpando, nkhope yokonzeka kukangana. Ndati ndabwera kudzapepesa. Beseni linatsala pang'ono kuwagwa. Manzere kuseri kwa kauntala, mutu pansi, akukanda kapepala ka mtengo pa kapu.

Ndamufunsa chimene chinamuchotsa. Kenako ine chete. Ndinkawerenga mumtima. Kasitomala kulowa, kugula sefa, kutuluka. Azakhali kufuna kumuyankhira, ine kuwapempha ndi dzanja. 

Kenako: "Kukalipa kokha si nkhani, abambo, kwathunso amakalipa. Koma miyezi isanu ndi itatu, palibe chinthu chimene ndingaloze kuti ichi ndinapanga ndine. Anthu akandifunsa ndiziti chiyani? Ndimadziwa kusesa utuchi?"

Ndiponso tsiku lomaliza lija akuti ndinanena, pamaso pa kasitomala, kuti ndi dzanja limenelo akafune ntchito yotsuka mbale. Ine ndinaiwala. Iye akukumbukira ndi malaya amene ndinavala.

Ndamuuza zonse, za chidole, za mafosholo. Apa waseka, mobisa. Ndamuuzanso za satifiketi, kuti popanda wophunzira sindiipeza. Sindinafune kuti adzamve kwa ena.

"Ndiye mwabwerera pepala?"

Ndati podutsa pa njinga Lachitatu, mwina theka linali pepala. Lero ayi. Akuti anandiona maulendo onse awiri.

"Ndiganizira."

Azakhali andiperekeza mpaka pamsewu. Akuti mwanayu usiku amajambula mipando m'kope, tsamba ndi tsamba. Ine miyezi isanu ndi itatu osadziwa.

Lachiwiri, 20 Meyi

Sanabwere dzulo. Lero ayi.

Ndamasula vayisi yogwirira matabwa pa benchi yaing'ono, kuisamutsira mbali inayo, kuti wamanzere aime momasuka. Ntchito ya theka la ola. Theka la ola lokha. Bokosi la mankhwala ladzaza. Ovolo yachapidwa, ili pamsomali.

Mayi akunyumba: "Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musapitenso, mungamuopseze."

Lachinayi, 22 Meyi

Ndapeza Manzere atakhala pa mulu wa matabwa, kope m'manja. Moni wa masiku onse, ngati anachoka dzulo. Waona vayisi. Waizunguza, kutsegula, kutseka.  Ovolo wavala.

Malamulo wabwera nawo ake. Loyamba: chinthu chimodzi chikhale chake kuyambira pa pensulo mpaka pa vanishi. Lachiwiri: dzina la Manzere likhale, walizolowera, koma osalitchula mokalipa. Ine ndaonjezera lachitatu: akaona dzanja langa likubwera, anene kuti "thumba".

Wasankha katebulo ka ana, kafupi, makona obulungira. Ndati makona otero amadya nthawi. Akuti mlongo wake wamng'ono ali ndi chipsera pamphumi cha kona ya tebulo. Ndagonja.

"Thumba" lero kanayi.

Lachisanu, 30 Meyi

Sabata yokoma. M'mawa amandithandiza pa mawindo a kasitomala, masana katebulo kake. Kusesa tikugawana. Msana wanga sukugwirizana nazo.

Ndapeza kuti kufotokoza n'kovuta kuposa kuchita. Anandifunsa ndimadziwa bwanji kuti puleni yabuntha. Ndimangodziwa. Ndaima, kupala, kumvetsera. Ndi phokoso: yakuthwa imaimba, yobuntha imatsokomola. Zaka makumi atatu sindinaziikepo m'mawu. Walemba m'kope mwake momwemo.

Magalasi anadutsa, akuti wophunzira wake wawotcherera geti lonse chozondoka, iye manja ali m'thumba mpaka thumba kubooka. Mwana wake uja wayamba kudya ndi anthu.

"Thumba" lero kamodzi.

Lachitatu, 4 Juni

Ndagwa.

Mwendo wachitatu wa katebulo. Ndinaona kuti walemba mzere molakwika, kufupikitsa ndi chala chathunthu. Sowo ili kale pathabwa. Sindikudziwa kuti dzanja linatuluka nthawi yanji. Tsomphu. Ndi mawu omwe: "Maso ulibe?"

Iye chiimire. Sananene "thumba". Anangoyang'ana ovolo yake, m'mabatani.

Ndabweza sowo, chogwirira kutsogolo. Ndati ndalakwa. Ndatuluka, kukaima kuseri kwa shedi ngati mwana wothamangitsidwa m'kalasi.  Kenako ndamva sowo mkatimo. Wadula pamzere wake womwewo, wolakwikawo.

Pobwerera ndapeza waimika miyendo inayi pabenchi, umodzi wamfupi, akuiyang'ana. Ine: "Ukuonapo bwanji?" Mawu a eni ake, koma atuluka. Waganiza nthawi yaitali. Akuti thabwa lina ayi. Afupikitsa inayo itatu, ana odzakhalapo ndi aang'ono kale. Wakabwereka mwana wa mayi wogulitsa nthochi pafupi, kumukhazika pakampando, kuyeza kuchokera pabondo. Kutalika kwatsopanoko n'kumene kukukwana bwino.

Ndikanamuuza ine, bwenzi titataya mwendo n'kudula wina.

Poweruka: "Mawa, abambo." Mawu awiri amenewo ndapuma nawo.

Lachitatu, 18 Juni

A Mukuonapo abwera. Nsapato zofiira mu utuchi. Ndinasesa kawiri, mayi akunyumba anandisitira ovolo, chinthu chimene sichinachitikepo chikwatirane.

Phunziro: kulumikiza mwendo ndi thabwa la m'mbali, bowo ndi lilime lake, popanda msomali. Ndaonetsa pa zidutswa, pang'onopang'ono. Tachitira limodzi. Kenako yekha, pa mwendo wotsiriza wa katebulo. Manja anga m'thumba, thukuta kumsana. Lilime lakana kulowa. Waliona, wapala pang'ono, kuyesa. Lakana. Kupalanso. Kachitatu, kugogoda ndi chibakera: thi! Ngati linamera momwemo.

Aphunzitsi anamutengera panja kukacheza naye paokha. Mphindi khumi. Ndamva kuseka kawiri. Sindinafunse, ngakhale mtima umafuna.

Zotsatira andiuza pomwepo. Ndakhoza. Koma chokonza chilipo: ndimafunsa funso n'kuliyankha ndekha mwana asanatsegule pakamwa. Anawerenga, kasanu ndi kamodzi. Ndati kanayi. Manzere: "Kasanu ndi kawiri."

Aphunzitsi anakhala pa katebuloko kuyesa kulimba. Sikanagwedere.

Lachisanu, 27 Juni

Satifiketi. Holo yomweyo. Khumi ndi awiri takhoza, awiri abwereza. Magalasi mu suti yobwereka, manja a jekete kulekeza pachigongono. Mayi wa saluni akuti malo alipo ngati ukalipentala wandikola. Mayi akunyumba anabwera, anakawagwira chanza aphunzitsi, kuwanong'oneza kanthu. Onse awiri kuyang'ana ine. Sindifuna kudziwa.

A bungwe akuti mwezi wa mawa anditumizira awiri. Ndati mmodzi kaye. Awiri manja anga sangakwane m'thumba. Adabwa, akuti ena amapempha asanu.

Tikumananso gulu lonse Loweruka loyamba la mwezi uliwonse, kuuzana zimene zikuvuta. Ndalonjeza kubweretsa benchi. Pulasitiki yakwana.

Katebulo kamalizidwa dzulo. Vanishi katatu, kusalala kuti see. Kunsi walemba tsiku ndi pensulo. Wakaika pakhomo pa shedi kuti kaume, iye kukhala patali n'kumakayang'ana, ngati wina akaba.

Lachiwiri, 8 Julayi

Kwafika mayi wa galimoto yoyera, mwini sukulu ya mkaka ya kumtunda kwa msewu. Ine kuvula chotseka pamphuno, kupukuta manja, kumwetulira kwa kasitomala. "Takulandirani, mayi, tikuthandizeni?"

Iwo maso kudutsa paphewa langa. "Ndikufuna mmisiri wamkazi uja. Wopanga matebulo opanda makona."

Katebulo kaja anakaona ku sitolo ya mabeseni, kumene azakhali akuikirapo makapu. Akufuna asanu ndi limodzi, ndi timipando take, sukulu isanatsegulire.

Pakamwa panga panadzaza kale: matabwa ake, masiku ake, vanishi wake. Ndameza. Ndaloza kumbuyo.

Manzere watuluka, pensulo kukhutu, utuchi m'tsitsi.  Wafunsa ana ndi a zaka zingati, pansi ndi pa simenti kapena ayi, pa tebulo limodzi azikhala angati. Funso la simentilo ine sindikanaliganiza. Masabata atatu, watero. Kenako cheu kwa ine: "Tikwanitsa, abambo?" Ndati mwini ntchito ndi amene akudziwa. Akuti tikwanitsa.

Galimoto itapita wakhala pansi penipeni, manja kumutu. "Mayo ine, asanu ndi limodzi!" Kenako kuseka. Kenako kope.

Kamtima kanga kachita kachinthu, sindibisa. Zaka makumi atatu chikwangwani changa chili pakhomopo, munthu kudzandidutsa ngati mlonda. Koma kachinthuko sikanakhalitse. Chimene chatsala n'chokoma, ngati mmene ndinamvera tsiku limene mwana wanga woyamba anakwera njinga ine nditasiya chishalo.

Ndikulemba nditakhala pampando wa makasitomala. Sindinaukhalirepo, ngakhale ndinaupanga ndine. Chotsamira chake n'choimirira kwambiri, bwanji palibe anandiuza? Ndidzauona bwino mawa, mwina kuupendeketsa pang'ono, kapena

Manzere akundiitana. Akuti ndikagwire mbali inayo ya thabwa.